Kodi kochi wa ma quarterback amasinthadi kaseweredwe ka munthu amene wafika kale mu NFL?

Chikondi M. walemba:

Moni nonse okonda mpira wa ku America. Ndakhala ndikutsatira ligi ya NFL kwa zaka zinayi tsopano, ndipo ngakhale malamulo ambiri ndayamba kuwamvetsa, pali chinthu chimodzi chimene chikundizunguzabe mutu. Timu iliyonse ili ndi kochi wamkulu, ili ndi kochi woyang'anira gulu lonse loukira amene amatchedwa offensive coordinator, ndipo pansi pa awiriwa pali kochi wina amene ntchito yake ndi kuyang'anira ma quarterback okha, osewera amene amaponya mpira ndi kutsogolera gulu loukira, anthu awiri kapena atatu basi. Timu ikapambana atolankhani amatamanda kochi wamkulu ndi quarterback, ikagonja amadzudzula amene amasankha njira zosewerera, koma dzina la kochi wa ma quarterback silimveka kawirikawiri kupatula tsiku limene walembedwa ntchito kapena kuchotsedwa.

Munthu amene wafika mu NFL wakhala akuponya mpira kuyambira ali mwana, wadutsa kusekondale ndi kukoleji, ndipo ena mwa iwo amalandira madola mamiliyoni ambirimbiri pachaka. Kodi munthu wotereyu angaphunzitsidwenso chiyani ndi kochi amene mwina iyeyo sanafikeko pamlingo umenewo? Chandichititsa kufunsa ndi nkhani ya Tom Clements, kochi wa ma quarterback amene anali atapuma kale pantchito koma anabwerera ku Green Bay Packers mu 2022, ndipo Aaron Rodgers, amene anali quarterback wa timuyo nthawi imeneyo, wakhala akumutamanda poyera kuti anamuthandiza kwambiri pa moyo wake wa zamasewero. Ndikufuna kudziwa ngati mawu oterewa ali a ulemu chabe, kapena ngati pali china chogwirika chimene kochiyu amachita, chimene ife oonerera tingathe kuchiona m'bwalo.

Bambo a Tadala ayankha:

A Chikondi, yankho langa ndi lakuti kochiyu amasinthadi zinthu, kungoti malo amene amagwirapo ntchito si amene ambirife timayang'ana. Ife maso athu amakhala pa mkono ndi pa mpira ukakhala m'malere, pamene iye maso ake amakhala pansi, pa mapazi.

Ndiyambe ndi Bill Walsh, chifukwa zambiri zimene makochi a ma quarterback amaphunzitsa lero zinadutsa m'manja mwake. Walsh anali kochi wothandizira ku Cincinnati Bengals kuyambira 1968 mpaka 1975, ndipo mu 1969 anali ndi Greg Cook, quarterback wachinyamata wa mkono wamphamvu kwambiri, amene anavulala phewa m'chaka chake choyamba chomwecho. Virgil Carter, amene anabwera pambuyo pake, sankatha kuponya patali, koma anali wochenjera, wopepuka miyendo ndiponso wosaphonya pa mipira yapafupi. Walsh sanavutike kumufunira mphamvu zimene analibe. Anakonza kaseweredwe ka mipira yaifupi yotuluka msanga, ndipo anamanga sitepe iliyonse ya woponya pamodzi ndi masitepe a wowakha, kuti awiriwo aziyenda ngati anthu ovina gule mmodzi ngakhale sakuyang'anana. Mu 1971 Carter anatsogola mu ligi yonse pa gawo la mipira yofika m'manja mwa anzake, ndipo njira yomweyi ndi imene inadzatchuka ku San Francisco ndi Joe Montana.

Mmene zimayendera ndi motere. Quarterback akalandira mpira amabwerera m'mbuyo masitepe 3, 5 kapena 7, malingana ndi kutalika kwa njira imene owakha akuthamanga. Phazi lakumbuyo likangoponda pansi pa sitepe yomaliza, mpira uyenera kutuluka ngati wowakha woyamba ali pomasuka. Ngati watsekedwa, quarterback amasendera kutsogolo kasitepe kamodzi ndipo maso ake amapita kwa wachiwiri, akasenderanso maso apita kwa wachitatu, ndipo ngati onse atsekedwa autaye mpirawo kapena athawe nawo. Zonsezi zimachitika pasanathe masekondi atatu, anthu olemera makilogalamu oposa 120 akumuthamangira. Choncho mapazi ndiwo wotchi yake. Sitepe imodzi ikatalika mopitirira, kapena phazi lakutsogolo likaloza kumbali m'malo moloza kumene mpira ukupita, mpira umafika mochedwa kapena kumbuyo kwa wowakha, ndipo ife timangoti waphonya, osadziwa kuti cholakwikacho chinayambira pansi mkono usanadzuke n'komwe.

Ndikupempheni kuti mudzayese chinthu chimodzi. Mukamaonera kanema wa masewero amene anachitika kale, phimbani mbali yakumwamba ya kanemayo ndi dzanja kuti muziona miyendo ya quarterback yokha, ndipo muimitse pamene phazi lakumbuyo laponda. Kwa wosewera wophunzitsidwa bwino mudzaona kuti mapazi ndi otalikirana pang'ono kuposa mapewa, mawondo apindika pang'ono, ndipo thupi lakonzeka kale kuponya. Kwa wina amene wayamba kusokonekera mudzaona zidendene zikugundana, kapena akuponya thupi likugwera m'mbuyo ngakhale palibe amene wamuyandikira. Ine nditayamba kuonera motere ndinapeza kuti nthawi zambiri ndimatha kudziwiratu kuti mpira uphonya ndisanauone kumene wagwera. Ntchito ya kochi wa ma quarterback ndi kuona zimenezi tsiku lililonse pa mpira uliwonse wa pokonzekera, chifukwa zizolowezi zoipa zimabwerera mwakachetechete, makamaka munthu akamasewera ndi ululu m'bondo kapena akagwetsedwa kangapo motsatizana n'kuyamba kuthamangira kutaya mpira.

Tsono za Rodgers amene mwamutchula. Ali ku yunivesite ya California pansi pa Jeff Tedford ankagwira mpira m'mwamba, pafupi ndi khutu, ndipo kagwiridwe kameneko kanali chimodzi mwa zinthu zimene akatswiri ankamukayikira nazo. Anasankhidwa ndi Green Bay pa nambala 24 mu 2005, pa chisankho cha pachaka chimene matimu a NFL amatengera osewera ochokera m'makoleji, ndipo anakhala zaka zitatu akudikirira kumbuyo kwa Brett Favre. Mike McCarthy, kochi wamkulu, ndi Tom Clements atafika mu 2006 anayamba kugwira naye ntchito pa kaimidwe, pa mapazi ndi pa kutsitsa mpira kuti uzikhala pachifuwa, mapewa ali omasuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene anayamba kusewera mu 2008 sankaoneka ngati uja wa kukoleji. Mu 2011 anaponya ma touchdown 45 (mipira imene anzake anafika nayo m'chigawo chogoletsera cha kumapeto kwa bwalo), pamene mipira yowakhidwa ndi adani inali 6 yokha. Luso anabadwa nalo, zimenezo palibe angatsutse, koma kaponyedwe kamene dziko linadzakatamanda kanasulidwa m'zaka zitatu zimene ife sitinkamuona.

Favre nayenso ndi umboni wa mtundu wina, chifukwa vuto lake silinali mkono koma kusaugwira mtima. Mu 1993 anaponya ma touchdown 19 ndi mipira 24 yowakhidwa ndi adani. Mike Holmgren, kochi wamkulu, anali wokhwimitsa zinthu, ndipo amene ankakhala pakati pa awiriwa tsiku ndi tsiku anali Steve Mariucci, kochi wa ma quarterback. Chaka chotsatira manambala aja anatembenuka, 33 ndi 14, ndipo kuyambira 1995 Favre anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi zaka zitatu zotsatizana.

NaPhiri ayankha:

Bambo a Tadala, zimene mwafotokoza za mapazi ndikugwirizana nazo kwathunthu, koma pa zitsanzo zanu ndikufuna kuti tisafulumire. Vuto limene ndimaliona pa nkhani ngati iyi ndi lakuti timayamba taona wosewera wachita bwino, kenako n'kubwerera m'mbuyo kukafufuza amene anali naye pafupi kuti timupatse ulemu. Kaseweredwe ka quarterback kamadalira anthu asanu omutchinjiriza, owakha mpira, amene akusankha njira zosewerera, thanzi lake, ngakhalenso mphamvu za matimu amene wakumana nawo chaka chimenecho, ndipo zinthu zimenezi sizisintha chimodzichimodzi kuti tione gawo la chilichonse pachokha.

Tengani Josh Allen wa ku Buffalo Bills. Mu 2018 mipira yake yofika m'manja mwa anzake inali 52.8 pa 100 iliyonse, mu 2019 inafika 58.8, ndipo mu 2020 inadumpha kufika 69.2, kusintha kumene sikuonekaoneka mu ligi imeneyi. Kochi wa ma quarterback anali Ken Dorsey, amene anafika mu 2019. Koma mu 2020 momwemo Brian Daboll, offensive coordinator, anali akukonza njira zosewerera zogwirizana ndi Allen kwa chaka chachitatu, timu inagula Stefon Diggs amene anatsogola mu ligi pa mipira yowakha chaka chimenecho, ndipo Allen mwiniwake ankapita kukakonza kaponyedwe kake ndi Jordan Palmer, mphunzitsi wapadera amene sanali wantchito wa timuyo. Kodi pamenepa ulemu upite kwa yani? Aliyense angathe kusankha dzina limene likugwirizana ndi mfundo yake, ndipo palibe nambala imene ingamutsutse.

Nkhani ya aphunzitsi apaderawa ndi yofunika kwambiri pa funso la a Chikondi. Kuyambira pa mgwirizano wa mu 2011 wa pakati pa ligi ndi bungwe la osewera, nthawi imene makochi a timu angagwire ntchito ndi osewera sizoni isanayambe inachepetsedwa kwambiri, ndipo pulogalamu yonse ya nthawi imeneyo ndi ya masabata 9 okha, ndi malire okhwima pa zimene zingachitike m'bwalo. Kusintha kaponyedwe ka munthu wamkulu kumafuna kubwereza chinthu chimodzi kambirimbiri mpaka thupi litaiwala chakale, ndipo ntchito yotere singachitike pakati pa sizoni pamene Lamlungu lililonse kuli masewero. Chotsatira chake n'chakuti gawo lalikulu la ntchito imene Walsh ankachita yekha lero ikuchitika kunja kwa timu. Tom Brady anaphunzitsidwa kuponya ndi Tom Martinez kuyambira ali wachinyamata, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito ndi Tom House, amene anali woponya mpira wa baseball, yemwenso anathandiza Drew Brees. Onse awiriwa sanali makochi a New England Patriots, timu imene Brady ankasewerera.

Ndipo popeza ndatchula Brady, kumbukirani kuti Dick Rehbein, kochi wa ma quarterback ku New England, anamwalira mwadzidzidzi mu August 2001, ndipo timuyo sinalembe wina m'malo mwake chaka chimenecho. Komabe ndi sizoni yomweyo imene Brady analowa m'malo mwa Drew Bledsoe atavulala, n'kukatenga chikho cha Super Bowl, masewero omaliza a ligi yonse. Ngati udindowu ukanakhala wolemera monga mukunenera, kodi timu yopanda munthu pa udindowo ikanafika pamenepo ndi mnyamata wosankhidwa pa nambala 199?

Chimene ine ndimakhulupirira ndi chakuti pa makochi onse, amene amasintha kwambiri moyo wa quarterback ndi amene amakonza ndi kusankha njira zosewerera. Jared Goff anagonja masewero 7 onse amene anayamba mu 2016, ndipo anthu anali atayamba kale kumutaya. Sean McVay atafika ku Los Angeles Rams ngati kochi wamkulu mu 2017, Goff anaponya ma touchdown 28 ndi mipira 7 yokha yowakhidwa ndi adani. McVay ankafulumizitsa osewera kufola pamzere kuti athe kulankhula ndi Goff kudzera pa kachipangizo ka m'chisoti nthawi ikadalipo, popeza kachipangizoko kamazimitsidwa pakatsala masekondi 15 pa masekondi 40 amene timu imapatsidwa. Mawu amene Goff ankamva m'khutu anali a McVay, osati a kochi wa ma quarterback.

Mkandawire D. ayankha:

Ndawerenga mbali zonse ziwiri, ndipo ndikuona kuti Mayi NaPhiri akunena zoona kuti gawo la kochiyu silingayezedwe ndi manambala, koma sindikuvomereza kuti chifukwa chakuti chinthu sichiyezeka ndiye kuti n'chochepa. Ine ndinathandizirako kwa zaka zitatu pa timu ya sukulu ina ya sekondale ku America pamene ndinkaphunzira kumeneko. Mlingo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi NFL, koma chipinda cha ma quarterback chimayenda mofanana kulikonse, ndipo zimene ndinaona zinandiphunzitsa kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi si mapazi ayi, koma maso ndi mtima.

Taganizirani sabata ya timu ya NFL imene ikusewera Lamlungu. Lolemba amaonera kanema wa masewero adzulo ndipo kochi wa ma quarterback amakhala atapereka kale malikisi pa mpira uliwonse, osati pongoona ngati unafika, koma ngati wosewerayo anayang'ana malo oyenera, pa nthawi yoyenera, ndi kusankha munthu woyenera. Lachiwiri osewera amapuma pamene makochi akukonza dongosolo la mdani wotsatira. Lachitatu amakonzekera njira za mwayi woyamba ndi wachiwiri (timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mpira mayadi 10), Lachinayi za mwayi wachitatu, umene ndi wovuta chifukwa otchinga amabisa zolinga zawo ndi kubweretsa anthu owonjezera odzagwetsa quarterback, ndipo Lachisanu amakonzekera za mayadi 20 omaliza, kumene bwalo limapanikiza. Kochi wamkulu amayang'anira anthu 53, offensive coordinator amayang'anira theka la timu, koma munthu amene amakhala ndi quarterback maola ambiri m'kachipinda kamdima, akubweza kanema m'mbuyo kakhumi pa mphindi imodzi yomweyo, ndi kochi wa ma quarterback. Iye ndi amene amasefa mulu wa nkhani zonse za mdani kuti wosewera atsale ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zoti aziyang'ane asanalandire mpira, monga ngati otchinga akumbuyo kwenikweni ali awiri kapena mmodzi, ndi ngati wina wa iwo akusendera kutsogolo mochenjera.

Kusefako ndi luso lalikulu. Pa timu yathu ija tinali ndi mnyamata wanzeru kwambiri amene ankaloweza chilichonse chimene wauzidwa, ndipo chifukwa cha zimenezo ankachedwa kuponya, popeza ankafuna kutsimikiza zonse asanatulutse mpira. Tsiku lina atagwetsedwa kachitatu m'chigawo choyamba anabwera pabenchi manja akunjenjemera, ndipo ine ndinkayembekezera kuti kochi wake amuonetsa zolakwa zake zonse. Bambo uja anangokhala naye pansi, n'kumupatsa madzi, n'kudikira mpaka kupuma kwake kutabwerera m'malo. Kenako anamuuza kuti aiwale zonse za sabata imeneyo ndipo aziyang'ana munthu mmodzi yekha, wotchinga wa kumanzere, kuti akabwerera m'mbuyo aponye pafupi, akabwera kutsogolo aponye kuseri kwake. Mnyamatayo anabwerera m'bwalo ndi funso limodzi m'mutu m'malo mwa mafunso khumi, ndipo mpira unayamba kutuluka pa nthawi yake. Sitinapambane tsiku limenelo, koma sanagwetsedwenso. Mukamaona pa kanema quarterback wa NFL atakhala pabenchi ndi munthu wina, mitu itagundana pa kakompyuta kam'manja kamene kamaonetsa zithunzi za mmene otchinga anaimira, dziwani kuti ntchito imene ikuchitika pamenepo ndi yomweyi.

Palinso nkhani ya kukhulupirirana. Kumapeto kwa sabata quarterback amafunsidwa njira zimene akuzikonda ndi zimene sakuzimva bwino m'thupi, ndipo si wosewera aliyense, makamaka wachinyamata, amene angauze kochi wamkulu maso ndi maso kuti njira imene wakonza usiku wonse sakuifuna. Amauza kochi wa ma quarterback, ndipo iyeyo ndi amene amakanena kumtunda m'mawu oyenera. Chimodzimodzinso uthenga wowawa wochokera kumtunda umadutsa mwa iye. Zimene Bambo a Tadala anena za Mariucci pakati pa Holmgren ndi Favre ndi zimenezi.

Pa chitsanzo cha New England, Mayi NaPhiri, ndikuona kuti chikutsimikiza mfundo yosiyana ndi yanu. Choyamba, Rehbein ndi amene anatumidwa kukaona ma quarterback a m'makoleji chisankho cha mu 2000 chisanachitike, ndipo anabwerako akulimbikira dzina la Brady, choncho dzanja lake lili pa chiyambi cha nkhani yonseyo. Chachiwiri, atamwalira ntchito yake sinafe, koma Bill Belichick mwiniwake, kochi wamkulu, pamodzi ndi Charlie Weis, offensive coordinator, anaitenga n'kuyamba kukhala ndi ma quarterback pa misonkhano yawo. Mpando unali wopanda munthu, koma ntchitoyo anaiona kuti ndi yolemera moti kochi wamkulu anaisenza yekha.

Ndipo malo amene dzanja la kochiyu limaonekera bwino kwambiri ndi pa wosewera wodikirira. Pakati pa sizoni pafupifupi mipira yonse ya pokonzekera imapita kwa woyamba, ndipo wachiwiri amakhala akutsanzira kaseweredwe ka mdani kuti otchinga a timu yake aphunzirirepo. Amene amatsala naye m'bwalo ena atapita, kuti adutse naye dongosolo la sabata imeneyo, ndi kochi wa ma quarterback. Mu December 2017 Carson Wentz, amene anali ataponya ma touchdown 33 m'masewero 13, anavulala bondo, ndipo Philadelphia Eagles inatsala ndi Nick Foles. Kochi wamkulu Doug Pederson, offensive coordinator Frank Reich ndi John DeFilippo, amene anali kochi wa ma quarterback, anabwerera ku kanema wa 2013, chaka chimene Foles anaponya ma touchdown 27 ndi mipira 2 yokha yowakhidwa ndi adani, n'kufufuza zimene ankazichita momasuka kuti amange dongosolo pa zimenezo. Foles anatenga Super Bowl pogonjetsa New England 41 kwa 33. Brock Purdy nayenso, amene anasankhidwa pomaliza penipeni pa nambala 262 mu 2022, anayamba sizoni ali wachitatu ku San Francisco 49ers, ndipo Trey Lance ndi Jimmy Garoppolo atavulala analowa ali wokonzeka. Kochi wamkulu Kyle Shanahan analibe nthawi yokhala ndi wosewera wachitatu miyezi yonse ija, koma Brian Griese, kochi wa ma quarterback, anali nayo.

Chikondi M. walembanso:

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri kuposa zimene ndinapempha. A Mkandawire, nkhani ya mnyamata wa pabenchi uja yandithandiza kumvetsa chifukwa chake wosewera wamkulu ngati Rodgers angafunebe munthu wina wake pambali pake. Koma mfundo ya Mayi NaPhiri ikundivutitsabe. Ngati gawo la kochiyu silingapatulidwe pa la anzake, matimu amadziwa bwanji kuti uyu ndi wabwino? Ndikufunsa chifukwa ndaona kuti anthu a udindo umenewu amakwezedwa msanga. Andy Reid anachoka pa udindo wa kochi wa ma quarterback ku Green Bay n'kukakhala kochi wamkulu ku Philadelphia mu 1999, ndipo Zac Taylor anachita chimodzimodzi kuchoka ku Rams kupita ku Cincinnati mu 2019. Kodi kukwezedwa kotereku sikumupweteka wosewera amene wasiyidwa?

NaPhiri ayankhanso:

A Chikondi, matimu amaona zinthu zimene ife sitiona, monga mmene munthu amaphunzitsira pa bolodi, zimene osewera ake akale amanena za iye akafunsidwa mseri, ndi ngati wosewera wake amabwereza cholakwa chomwecho sabata ndi sabata kapena amachisiya. Koma ndinene mosabisa kuti nawonso amakopeka ndi kuwala kwa quarterback wochita bwino, ndipo ena amene anakwezedwa chifukwa choima pafupi ndi wosewera wotchuka sanakhalitse pa maudindo awo atsopano. Reid anasonyeza kuti luso linali lakedi, chifukwa anachita bwino ndi Donovan McNabb, ndi Alex Smith, ndiponso ndi Patrick Mahomes, anthu atatu osiyana kotheratu kaseweredwe. Umboni umene ine ndimaukhulupirira ndi wotere, wa munthu amene wabwereza zotsatira zabwino ndi osewera osiyanasiyana, ndipo pa muyezo umenewu ndivomere kuti Clements ali ndi mfundo, popeza Jordan Love, amene analowa m'malo mwa Rodgers ku Green Bay, anaponya ma touchdown 32 mu 2023, chaka chake choyamba chosewera ngati woyamba, ali m'manja mwa kochi yemweyo.

Pa funso lanu lachiwiri, pamenepa ndikugwirizana ndi a Mkandawire kwambiri kuposa mmene yankho langa loyamba linkaonekera. Kusinthasintha kwa aphunzitsi kumawononga wosewera wachinyamata, chifukwa kochi watsopano aliyense amabwera ndi mayina ake a njira zosewerera, kawerengedwe kake ka masitepe, ngakhalenso phazi limene akufuna kuti likhale kutsogolo poyembekezera mpira. Alex Smith anasankhidwa pa nambala 1 mu 2005, ndipo m'zaka zake zisanu zoyamba ku San Francisco chaka chilichonse anali ndi offensive coordinator watsopano, moti ankathera nthawi yokonzekera akuloweza mawu atsopano m'malo monola zimene ankadziwa kale. Mu 2011, kochi wamkulu watsopano Jim Harbaugh atafika, amenenso anali quarterback mu NFL kwa zaka zambiri, Smith anaponya mipira 5 yokha yowakhidwa ndi adani ndipo timu inapambana masewero 13 mwa 16. Wentz anakumana ndi mbali ina ya vuto lomweli, chifukwa chikho chitangotengedwa Reich anapita ku Indianapolis Colts ndipo DeFilippo anapita ku Minnesota Vikings, ndipo pofika 2020 Wentz anaponya ma touchdown 16 ndi mipira 15 yowakhidwa ndi adani asanachotsedwe pamalo ake. Kuvulala kwa bondo ndi msana kunali ndi gawo lake, ndipo omutchinjiriza anavulala ambiri chaka chimenecho, choncho sindinganene kuti kuchoka kwa anthu awiriwa ndiko kunamugwetsa. Koma amene anaonera masewero ake a chaka chimenecho akukumbukira mmene ankagwirira mpira nthawi yaitali, mapazi atatambasuka mopitirira, akuyang'anitsitsa wowakha mmodzi mpaka otchinga atadziwa kumene mpira ukupita, ndipo zimenezi ndi zinthu zomwe Bambo a Tadala ndi a Mkandawire akuti ziyenera kugwidwa Lolemba m'kachipinda ka kanema zisanakhazikike.